Dzimbiri Lopaka ndi Burashi

Kumayiko monga Japan, Britain, Spain ndi America kuli anthu, ambiri mwa iwo akuluakulu apabanja, amene nthawi yawo yopuma amathera pa timagalimoto tapulasitiki. Amagula bokosi m'sitolo, ndipo m'katimo mumakhala tizidutswa tambirimbiri: matayala, zitseko, injini, mipando, chiwongolero ndi nyali. Tizidutswato amatidula, kutipala ndi kutimata ndi guluu mpaka patatuluka kagalimoto kofanana ndi galimoto yeniyeni pa chilichonse kupatula msinkhu. Makampani monga Tamiya ya ku Shizuoka m'dziko la Japan, Airfix ya ku Britain ndi Revell imene idayambira ku America akhala akugulitsa mabokosi oterewa kwa zaka zoposa 60. Mlingo umene ambiri amakonda pa magalimoto ndi 1:24, kutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa ka 24, moti galimoto yotalika mamita 4 imasanduka kanthu ka masentimita 17 kokwana m'dzanja.

Pamenepa palibe chachilendo kwenikweni, pakuti ngakhale kwathu kuno ana amapinda mawaya n'kupanga magalimoto awo. Chachilendo chimabwera ntchito yolumikiza ikatha. Ena mwa amisiriwa sakhutira ndi kagalimoto konyezimira. Amakatenga, kali katsopano chomwecho, n'kukhala nako masabata angapo akukawononga mwadala: kusulutsa penti, kuswa galasi, kuphwetsa tayala, kuboola kunsi kwa chitseko ndi kupaka dzimbiri paliponse poyenera, kufikira kaoneke ngati galimoto imene yakhala patchire zaka 30. Pa Chingerezi lusoli amalitcha weathering, ndipo ife tingoti kukalambitsa. Pulasitiki sachita dzimbiri, choncho dzimbiri lonselo ndi la burashi.

Munthu woganiza akamva zimenezi amakhala ndi mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi kupatsa chinthu chatsopano nkhope yaukalamba si bodza? Lachiwiri ndi lolemera kuposa loyambalo: kodi n'koyenera kuti munthu azikondwera ndi dzimbiri, pamene kwa anthu ambiri padziko lapansi dzimbiri ndi chizindikiro cha umphawi, nthawi zina ngakhale cha imfa? Tisanagamule, tiyeni tione kaye kumene lusoli lidachokera ndi mmene ntchito yake imagwiridwira.

Lusoli silidayambire pa magalimoto. Mmodzi mwa amene adalitchukitsa ndi John Allen, wojambula zithunzi wa ku Monterey m'chigawo cha California, amene adamanga njanji yoyerekezera m'chipinda chapansi pa nyumba yake. Pamene anzake ambiri ankapanga tisitima taukhondo ngati tangotuluka kumene m'fakitale, iye ankadetsa take ndi mwaye, fumbi ndi dzimbiri, monga mmene sitima zenizeni zimaonekera. Adamwalira mu 1973 ndipo patangopita masiku ochepa moto udawononga njanji yakeyo, koma zithunzi zake zidatsala. Pambuyo pake padabwera Sheperd Paine wa ku America, amene mu 1980 adatulutsa buku lophunzitsa ntchito zoterezi, François Verlinden wa ku Belgium, ndi Miguel Jiménez wa ku Spain, amene dzina lake lili pa mabotolo a utoto wa dzimbiri ndi wa fumbi ogulitsidwa m'mayiko ambiri. Atatuwa adatchuka kwambiri ndi akasinja ndi magalimoto ankhondo, koma njira zawo ndi zomwezo zimene opanga timagalimoto wamba amatsata.

Njira imodzi yodziwika bwino ndi ya mchere. Mmisiri amayamba wapaka kagalimoto konse utoto wodera, wa maonekedwe a dzimbiri. Ukauma amanyowetsa malo amene akufuna, n'kuwazapo mchere wamiyala. Mcherewo ukagwira amapopera pamwamba pake utoto weniweni wa galimotoyo, kaya wobiriwira kaya woyera. Kenaka amachotsa mchere uja ndi kaburashi, ndipo paliponse pamene padali kamwala ka mchere pamatsala kabala koonetsa dzimbiri lapansi, monga mmene zimakhalira pa galimoto yakale. Ena m'malo mwa mchere amagwiritsa ntchito mankhwala opopera m'tsitsi. Amawapopera pakati pa mitundu iwiri ya utoto, ndipo akadutsitsapo burashi yonyowa, utoto wapamwamba umayamba kukanganuka pang'onopang'ono.

Zikatha izi pamabwera ntchito ya maso. Utoto wamafuta wosungunulidwa kwambiri amaudonthezera m'mizere ya zitseko ndi m'makona kuti ukhale ngati litsiro la zaka zambiri. Kachidutswa ka siponji amakaviika mu utoto n'kumagunditsa m'mphepete mwa madigadi. Choko chamitundu amachipala kukhala ufa, ufawo n'kusanduka fumbi la m'matayala. Akafuna chibowo cha dzimbiri amapala pulasitiki cham'kati mpaka atapyapyala ngati pepala, kenaka n'kuboola ndi nsonga ya mpeni kuti m'mphepete mukhale modyekadyeka. Ena amafika pomata kapepala pagalasi lakutsogolo asanapopere fumbi, kuti akakamatula patsale malo oyera mmene mawaipa ankadutsa. Ntchito imene dzuwa ndi mvula zimagwira zaka 30, mmisiriyu amaimaliza m'masabata ochepa.

Tibwerere tsono ku funso loyamba lija. Akadakhala ndi moyo lero Plato, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, sakadachedwa kugamula mlanduwu. M'buku lake la Republic, limene adalemba zaka pafupifupi 2,400 zapitazo, adapereka chitsanzo cha bedi. Malinga ndi iye, kalipentala amapanga bedi potsanzira ganizo la bedi, pamene wojambula amangotsanzira bedi la kalipentala. Motero chithunzi chili kutali kwambiri ndi choonadi, ndipo chikhoza kupusitsa ana ndi anthu osazindikira akachionera patali. Tikatsata maganizo amenewa, mmisiri wathuyu ndiye wapalamula kawiri. Watsanzira galimoto, kenaka watsanziranso zaka zimene galimotoyo sidakhalepo.

Komabe kutsanzira ndi kunama si chinthu chimodzi. Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero ndi m'dziko la Algeria, adalemba kabuku kokhudza bodza cha m'ma 395. Mfundo yake idali yoti wabodza ndi amene ali ndi china mumtima koma n'kunena china, ndipo kulakwa kwake kuli m'kufuna kunamiza mnzake. Nthabwala sadaziwerengere m'gulu la mabodza, chifukwa womva amadziwa kuti wonenayo akungoseka. Ndi mmenenso zilili ndi mwana wasukulu amene wadzola ufa m'mutu kuti akhale gogo m'sewero. Palibe amene amatuluka m'holo akudandaula kuti wanamizidwa. Tonse timadziwa kuti imvizo zichoka ndi madzi, ndipo timamuombera m'manja chifukwa chakuti tikudziwa.

Wokalambitsa kagalimoto ali m'gulu la mwana wa m'seweroyu. Palibe munthu wamutu wake amene angakhulupirire kuti kanthu ka masentimita 17 kadayendapo mumsewu n'kutayidwa patchire. Kuwonjezera apo, mmisiriyu amafuna kuti inu mudziwe kuti ndi utoto. Pa zionetsero ndi m'magazini awo, amisiriwa amafotokoza okha bokosi limene adagula, utoto umene adapaka ndi njira imene adatsata. Ulemu wawo wonse uli pakuti inu mudabwe n'kufunsa kuti, "Mwachita bwanji zimenezi, bambo?" Wachinyengo ndiye amaopa funso limeneli kuposa china chilichonse.

Chitsanzo ndi Han van Meegeren wa ku Netherlands. Munthuyu ankajambula zithunzi n'kumanena kuti ndi za Johannes Vermeer, katswiri amene adamwalira mu 1675. Kuti utoto wake uume gwa ngati wa zaka mazanamazana, ankausakaniza ndi mankhwala opangira pulasitiki wa Bakelite, n'kuwotcha chithunzicho mu uvuni, kuchipinda kuti chichite ming'alu, ndi kudetsa ming'aluyo ndi inki. Akatswiri adapusitsika mu 1937, ndipo nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse chithunzi china chidagulidwa ndi Hermann Göring, mmodzi wa akuluakulu a chipani cha Nazi. Nkhondo itatha mu 1945 Van Meegeren adamangidwa pomuganizira kuti adagulitsa chuma cha dziko kwa adani, ndipo pofuna kudzipulumutsa adaulula yekha kuti zithunzizo zidali ntchito ya manja ake. Khoti lidamupeza wolakwa pa mlandu wachinyengo mu 1947. Taonani kuti manja ake ankachita zofanana ndi za mmisiri wa timagalimoto. Chosiyana chidali dzina limene adasaina pakona ndi mtengo umene adatchula.

Chinyengo chotere chimayenda mbali zonse ziwiri. M'misika ina ya ziboliboli muno mu Africa, chosema cha sabata yatha chimapakidwa polishi, kuikidwa pautsi kapena kukwiriridwa m'dothi, kuti mlendo akachigule ngati cha makolo. Kumalo ena ogulitsira magalimoto akale zimakhala zotembenuza. Pamene padyeka ndi dzimbiri amamatapo phala, kupopera penti ndi kubweza m'mbuyo makilomita, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wina akukalambitsa chatsopano, wina akubwezera chakale ku unyamata, koma onse awiri akufuna chinthu chimodzi: ndalama imene wogula sakadapereka akadadziwa.

Pakati pa mmisiri ndi wachinyengo pali ena ovutirapo kuwaweruza. Kuyambira 1995 kampani ya Fender yakhala ikugulitsa magitala atsopano okandidwakandidwa dala kuti aoneke ngati aimbidwa zaka zambiri, ndipo imanena poyera kuti ndi atsopano. Kulinso eni magalimoto enieni, makamaka a Volkswagen zakale, amene amapaka dzimbiri loyerekezera pa thupi labwinobwino. Pogula koyamba palibe wanamizidwa. Koma gitala lomwelo likadzagulitsidwa kwa munthu wina popanda kumuuza, zikande zomwe zija zimasanduka umboni wonama, chonsecho gitalalo silidasinthe. Choncho yankho langa pa funso loyamba ndi lakuti utoto sunama. Amanama ndi munthu, pamene akufuna kulandira malipiro a zaka zimene chinthucho sichidakhale, kapena kubisa zaka zimene chidakhaladi.

Ndipitirire pang'ono, pakuti pali chinthu china chimene Plato sadachione. Ngakhale m'kutsanzira momwemo muli kulondola ndi kuphonya, chifukwa dzimbiri lili ndi malamulo ake. Limabadwa chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya wa okosijeni, ndipo mchere umafulumizitsa ntchitoyo. Limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, n'chifukwa chake limatukumula penti n'kuchita matuza lisanaonekere kunja. Silimatirira ngati khungu koma limayoyoka, motero madzi amalowabe pansi pake n'kupitiriza kudya. Latsopano limawala ngati khungu la lalanje, pamene lakale limadera mpaka kuyandikira kukuda.

Pachifukwa ichi dzimbiri silimera paliponse. Limayamba pamene madzi ndi matope zimakhazikika: m'kati mwa madigadi, kunsi kwa zitseko timabowo totulutsira madzi tikatsekeka, m'mphepete mwa labala wa galasi, ndi pansi poponda mapazi. Mizere yake imatsika, chifukwa madzi sakwera phiri. Dera limene galimoto idakhala nalonso limasiya chidindo chake. Ku Britain ndi m'zigawo zakumpoto za dziko la America, kumene amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu kuti madzi oundana asungunuke, galimoto imaola kuyambira kunsi. Kuchipululu cha Arizona dzuwa limapsereza denga ndi boneti mpaka penti kutha, kunsi kuli bwinobwino. Ndiye pali magalimoto ena amene matupi awo sachita dzimbiri lofiira n'komwe. Land Rover yakale, kuyambira 1948, idali ndi thupi la aluminiyamu lokhala pa chasisi chachitsulo, ndipo Chevrolet Corvette idatuluka mu 1953 ndi thupi la faibagalasi. Wopaka dzimbiri lofiira pa madigadi a Land Rover yotere amasekedwa ndi anzake, chifukwa wanena chinthu chimene sichingachitike.

Chiyeso chachikulu pa lusoli ndi kukokomeza. Popeza dzimbiri ndi limene limakopa maso, wongoyamba kumene amafuna kulipaka paliponse, mpaka pa labala ndi pagalasi. Pakati pa opanga akasinja oyerekezera pali mkangano wakalekale pa nkhaniyi. Ena amati akasinja ambiri a nkhondo yachiwiri sankakhalitsa kunkhondo moti n'kuchita dzimbiri lochuluka chomwecho, ndipo kuwapaka kotero n'kuthira nkhani mchere wambiri. Ena amayankha kuti kanthu kakang'ono kamafuna mitundu yokuwa kuti diso lione. Mkanganowu pawokha ukusonyeza kuti anthuwa amasamala za choonadi, pakuti anthu sakangana za kulondola kwa chinthu chimene onse akuchiyesa bodza.

Apa m'pamene Aristotle, wophunzira wa Plato yemweyo, adaona patali kuposa mphunzitsi wake. M'buku la Poetics adafotokoza kuti kutsanzira n'chibadwa cha munthu kuyambira ali mwana, ndipo ndi njira imene timaphunzirira zinthu zoyamba. Adaonanso kuti timakondwera kuyang'ana zithunzi zojambulidwa bwino za zinthu zimene zenizenizo zimatinyansa, ngakhale mitembo, chifukwa poyang'anapo timazindikira kanthu. Kuti munthu apake dzimbiri lokhulupirika ayenera kuyamba waima nthawi yaitali pa chiphapha cha galimoto yeniyeni, kapena pa zithunzi zake, akudzifunsa kuti n'chifukwa chiyani ladya apa, osati apo. Anthu ambiri chiphapha amangochilambalala. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku n'kumene lusoli limaphunzitsa.

Palinso kanthu kena koseketsa. Utoto umene amisiriwa amakonda poyerekezera dzimbiri, monga uja wotchedwa sienna potengera mzinda wa Siena ku Italy, mtundu wake umachokera ku chitsulo chimene chidakumana ndi okosijeni. Kufiira kwa dothi la katondo la m'minda mwathu gwero lake ndi lomwelo. Ena amafika popaka ufa wachitsulo n'kuunyowetsa ndi viniga kuti uchite dzimbiri pomwepo. Ndiye kuti nthawi zambiri dzimbiri la burashi lija ndi mbale wake weniweni wa dzimbiri la pamsewu. Chongopeka ndi mbiri yokha.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu angafune mbiri yotere? Magalimoto atsopano a mtundu umodzi amafanana onse ngati mazira m'thireyi, ndipo alibe choti akuuzeni kupatula dzina la fakitale. Yakale ndiyo ili ndi nkhani. Chitseko chamtundu wina chikunena za ngozi, ndipo mpando wolowa mbali imodzi ukunena za dalaivala amene adakhalapo zaka zambiri. Mu 1903 Alois Riegl wa ku Austria, polemba za kasungidwe ka zinthu zakale, adafotokoza kuti anthu amakono amalemekeza chinthu chifukwa cha zizindikiro za ukalamba zokhazo, ngakhale asakudziwa mbiri yake. Umboni wake udaoneka mu 2009, pamene galimoto ya Bugatti idavuulidwa m'nyanja ya Maggiore, kumalire a Switzerland ndi Italy, itakhala pansi pamadzi zaka zoposa 70. Mbali imodzi idali itadyekeratu. Ngakhale zidali choncho, mu 2010 idagulidwa ku Paris pamtengo woposa mayuro 260,000, ndipo wogulayo adaiika poonetsera osaikonza.

Nkhani ya Bugatti ikutifikitsa pa funso lachiwiri lija, limene sindikufuna kulipeputsa. Dzimbiri limakongola kwa munthu amene sakwera galimotoyo. Amene adakwerapo minibasi yoti ukayang'ana pansi ukuona msewu ukuthamanga, kapena amene adadikirapo ambulansi imene sidabwere chifukwa ili pamiyala, sangaone chokongola chilichonse pamenepo. Kwa iye dzimbiri ndi chitseko chomangidwa ndi chingwe, kapena paipi ya mabuleki imene ikhoza kuphulika pamtsetse. Ngakhale pa chuma cha mayiko si nkhani yamasewera. Mu 2016 bungwe la NACE International lidawerengera kuti kudyeka kwa zitsulo kumawonongetsa dziko lapansi madola 2.5 thililiyoni pachaka, pafupifupi 3.4 peresenti ya chuma chonse chimene anthu amapanga.

Ndipo zidaonekapo kale kumene kukonda maonekedwe a kutha kumafikitsa anthu. Mu 2017 sitolo ya Nordstrom ku America inkagulitsa jinzi yopakidwa matope oyerekezera pamtengo wa madola 425, kuti wovala aoneke ngati wachokera kumunda pamene khasu sadaligwirepo. Choipa kwambiri n'chakuti kwa zaka zambiri majinzi ankasulutsidwa powapopera mchenga ndi mpweya wamphamvu. Ku Turkey anyamata ambiri ogwira ntchitoyi adadwala matenda a m'mapapo otchedwa silicosis, ena mpaka kumwalira, kufikira boma la kumeneko lidaletsa njirayi mu 2009. Apa wosauka adalipira ndi mapapo ake kuti wolemera avale chithunzi cha usiwa.

Taganiziraninso za mwana wa magalimoto a mawaya uja, amene Karen Lynn Williams adamulembera buku la ana lotchedwa Galimoto mu 1990, nkhani yake yochitikira ku Malawi konkuno. Mwana wotere amatola waya wadzimbiri kudzala, kumuwongola ndi mwala, n'kukutira galimoto yake ndi timapepala towala kapena tizitini kuti ioneke yatsopano. Nthawi yomweyo wina ku Europe akupereka ndalama zambiri kugula kagalimoto katsopano kuti akasandutse chiphapha. Aliyense akulakalaka chimene alibe. Kodi pamenepa sitinganene kuti lusoli ndi chipongwe cha anthu okhuta?

Ine ndikuti ayi, ngakhale chenjezolo ndi loona. Kusiyana kwa jinzi yamatope ndi kagalimoto kadzimbiri n'kwakuti jinzi imavalidwa. Imanena za mwini wake, kuti iyeyu ndi munthu wa thukuta, pamene si choncho. Kagalimoto kamakhala pashelefu ndipo kamanena za galimoto. Sikapatsa wokapanga ulemu wa dalaivala kapena wa makaniko, koma ulemu wa munthu amene adayang'anitsitsa basi. Palibenso munthu wina amene adadwala kapena kuvulala kuti kagalimotoko kaoneke chomwecho. Wojambula chithunzi cha maliro sakunyoza anamfedwa. Chimene tiyenera kufunsa n'chakuti kodi kuyang'anitsitsako kwamuphunzitsa chiyani munthuyo.

Mmisiri wabwino amafika pozindikira kuti ukalamba wa galimoto uli pawiri. Pali kutha kwa ntchito, ndipo pali kutha kwa kutayidwa. Galimoto imene ikugwira ntchito imaperepeseka pamene manja ndi mapazi amakhudza. Chiwongolero chimasalala, chopondera chimawala, ndipo kumbuyo kwa lole kumene matumba amakwekwerezedwa tsiku ndi tsiku chitsulo chimanyezimira, dzimbiri osapeza mpata wokhazikika. Njanji imene sitima ikudutsapo imawala pamwamba, pamene yosiyidwa imafiira. Galimoto yotayidwa ndiyo imachita dzimbiri lokhuthala, matayala kuphwa, udzu kumera m'injini. Pashelefu mitundu iwiriyi imafuna utoto wosiyana, ndipo m'moyo imafuna chigamulo chosiyana. Kutha koyamba kuja kuli ngati imvi za munthu amene wagwira ntchito yake. Kwachiwiriku kuli ndi mwini wake amene adayenera kuchitapo kanthu.

Ogwira ntchito m'maofesi nkhani imeneyi amaidziwa bwino. Kuseri kwa maofesi ambiri, aboma ndi omwe si aboma, kumakhala galimoto yokhala pamiyala. Mukafufuza mbiri yake mupeza kuti sidafe tsiku limodzi. Idaima chifukwa cha kachitsulo kamodzi kotchipa. Kalata yopempha ndalama idalembedwa n'kuyamba kudikira siginecha. Podikirapo batire idabwerekedwa ndi galimoto ina, kenaka tayala, kenaka nyali. Galasi lidasweka, madzi adalowa, ndipo paja mvula ikakuona litsiro sikata. Patapita zaka 5 aliyense wodutsa amangoti, "Imeneyi idatha ndi ukalamba." Mmisiri wa timagalimoto ataiona sangavomere. Angaloze kuti dzimbiri ili lidalowera pagalasi apa, ndipo galasilo lidakhala losatseka nyengo zamvula zingapo. Amene waphunzira kufunsa chifukwa chake ladya apa osati apo savomera msanga kuti zinthu zimangotha zokha.

Phunziro lina ndi lokhudza anthu, pakuti anthunso amadzikalambitsa. Pali amene amakamba za mavuto amene sadawaone, kuti apatsidwe mpando wa amene adawaonadi. Nyengo yoopsa ikadutsa m'dziko, olimba mtima amachuluka kuposa mmene adaliri nthawiyo. Pali amene amalemba pa kalata yofunsira ntchito zaka zimene sadagwire, ndi amene amabwereka mawu ndi kayendedwe ka akuluakulu asanasenzepo mtolo wa munthu aliyense. Awa ndi anzake a Van Meegeren. Ulemu umene timapereka ku imvi si wa mtundu wa tsitsi. Timalemekeza maliro amene munthuyo adaika, njala imene adapirira ndi ana amene adalera. Paja amati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo timamukhulupirira chifukwa adasakadi. Wodzola ufa kunja kwa sewero akuba chikhulupiriro chimenecho.

Choncho munthu amene wakhala patebulo usiku, magalasi ali pamphuno, akuwaza mchere pa kagalimoto kapulasitiki, ine sindimupeza ndi mlandu. Sakunamiza aliyense, sakulanda malipiro a wina, ndipo akuchita chimene anthu ambiri sachita, kupatsa chinthu chotayidwa maola ambiri a maso ake. Chimene ndingamupemphe n'chimodzi: asaiwale kuti galimoto imene akuitsanzirayo kwinakwake ikadali pamsewu, itanyamula amayi ndi madengu awo, ndipo kwa iwo chibowo cha pansi chija si luso. Kwa amene adapatsidwa makiyi, mafayilo ndi zidindo za magalimoto enieni, langizo langa n'lakuti abwereke diso la mmisiriyu, burashi amusiyire. Dzimbiri la pashelefu limaima pamene burashi yaimira. La pabwalo likangolowa limadya mpaka chasisi, ndipo amene amalipira ndi okwera, amene sadafunsidwe n'komwe.